Galimoto ya Kunsi kwa Nyumba

Galimoto ija inalowa m'mudzi mwathu ikukokedwa ndi ng'ombe ziwiri zoyera, ndipo amene sanaseke tsiku limenelo ndiye kuti anali kumunda wa mpunga. Matayala atatu anali ophwa. Tayala lachinayi kunalibe, m'malo mwake anamangirirapo chipika choti chizikhwekhwereza. Narith, mwana wa Mayi Yem, anakhala pachiwongolero nkhope ili gwa, pamene kumpando wakumbuyo nkhuku ya kukachisi inkakanabe kutsika chifukwa mazira ake anali momwemo.

“Narith, ng'ombe zakozo zimamwa petulo wochuluka bwanji?” anafuula bambo wina ali pamwamba pa mgwalangwa.

“Liza hutala tikupatukire, ungatigunde!” anatero amayi ena pachitsime.

Galimotoyo inagona zaka khumi ndi ziwiri pansi pa mtengo wa bwemba kuseri kwa kachisi, mwini wake atamwalira osasiya mwana. Narith atakaipempha, mkulu wa amonke anangoti, “Itenge mwanawe, ikungotiwetera njoka.”

Koma kuseka kuja sikunakhalitse, chifukwa tonse tinkadziwa chimene chinamutuma. Chaka chapitacho mlongo wake wamkulu, Malis, matenda atamuyamba, mwana anakhala mopingasa. Mzamba anayesa izi ndi izo mpaka anakweza manja. Anamukweza Malis m'kangolo kokokedwa ndi njinga yamoto, ulendo wa kuchipatala cha kuboma, makilomita makumi atatu ndi asanu a matope okhaokha. Kangoloko kanatitimira kawiri. Narith ndiye anagwirizira mutu wa mlongo wake pamiyendo njira yonseyo, mvula ikuwamenya. Mwana anabadwira pamsewu pafupi ndi mlatho wamatabwa, wamwamuna, ndipo sanalire. Anthu anati mwana wabwerera, ngati kuti anachita kusankha yekha. Narith mawu amenewo ankadana nawo. Kwa iye mwanayo sanabwerere kulikonse, anafera panjira chifukwa mudzi wonse unalibe galimoto.

Tsopano Malis anali ndi pakati pena. Mwamuna wake anali kutali, m'zombo zophera nsomba ku Thailand, wobwera kamodzi pachaka. Bambo awo anamwalira kalekale. Mwamuna pakhomopo anali Narith yekha, wa chaka chachiwiri kusukulu ya umakaniko kuboma, wobwera panjinga Lachisanu madzulo n'kubwerera Lamlungu. Miyezi inatsala isanu. Analumbira pamaso pa mlongo wakeyo kuti ulendo uno akapita kuchipatala atakhala pampando, magalasi ali otseka.

Galimoto anaiika kunsi kwa nyumba, pakati pa mizati, pamene kale pankakhala ngolo ndi mtondo. Nanga akanaiika kuti? Kunsi kwa nyumba ndiko timachitira zonse kwathu kuno: kudya, kupeta mpunga, kumeta, kunena miseche. Chipinda cha Malis chinali pamwamba penipeni pa boneti, pansi pake poyala nsungwi zong'alula zosiya mipata yolowa chala. Ndiye awiriwa ankacheza tsiku lonse osaonana.

“Iwe Narith, ukutukwana ndani kunsiko?”

“Bauti, achemwali. Yakana kumasuka.”

“Usandiphunzitsire mwana mawu amenewo. Akumva m'mimba muno.”

“Aphunziriretu, adzakhala makaniko.”

“Makaniko wa zisa za nkhuku? Mulungu asatero.”

Akatero ankagwetsa mtedza wokazinga pamipata ija, njere imodzi imodzi, kulinga pamutu pa mlongo wake. Ina inkagwera m'injini, Narith n'kuyamba kutukwana mtedzawo.

Ntchito yake inali yogwetsa mphwayi. Injini inali itagwirana ndi dzimbiri, osapotoka ngakhale pang'ono. Mawaya makoswe anadya. M'thanki ya petulo anatulutsamo matope odzaza chidebe. Mphunzitsi wake, a Oum, bambo wa zala zitatu kudzanja lamanja ndi pakamwa posasankha mawu, ndiwo ankamuuza chochita Lolemba lililonse. Anamuuza athire palafini wosakaniza ndi oyilo m'mabowo a mapisitoni, adikire milungu iwiri, kenaka azigogoda ndi chipika cha mtengo wolimba, osati chitsulo. Pisitoni yoyamba itasuntha, Narith anakuwa mpaka agalu a aneba anauwa. Magasiketi ankadula yekha pa pepala lokhuthala, akugogoda m'mbali ndi kahamala kakang'ono. Matayala atatu aja anamata, lachinayi anagula lakale kuboma. Maling'i a mapisitoni anamupatsa a Oum okha, ochotsa m'injini ina yakufa, ndipo popereka anamugwira khutu.

“Tamvera iwe kamnyamata. Injini yomangidwa kumene sathamangitsa. Ikalira, uisiye pomwepo izilira yokha pang'onopang'ono maola awiri, maling'i akhazikike, uone ngati sikutentha. Ukangoiika pamsewu nthawi yomweyo, ikufera pakati pa tchire, ndipo usadzanditchule dzina. Kuona maso a nkhono n'kudekha.”

Paipi yotulutsira utsi ndiyo inangonyenyeka m'manja tsiku limene anaigwira, n'kutsala kachidutswa kotalika ngati dzanja pafupi ndi injini. A Oum anati abweretse muyeso akawotcherere ina kusukulu. Narith anaiika kumapeto kwa zonse. Paipi siyendetsa galimoto, ankatero, ntchito yake n'kuchepetsa phokoso basi.

Mvula itayamba kugwa chopingasa, madzi ankafika pa injini yotsegula ija. Narith anapachika malona awiri, mikeka yakale ndi masaka a feteleza osokerera, kuzungulira mbali zonse zinayi, kuchokera m'mwamba mpaka pansi. Mayi Yem anayamikira. Anati chikhalire nyumbayo sinafundepo chonchi, mphepo yasiya kulowera m'mipata.

Ndiye mwana, poti alibe kalendala, anabwera milungu itatu nthawi isanakwane. Linali Lachitatu, Narith ali m'kalasi. Uthenga utamupeza anapalasa njinga ngati wamisala, mtima uli m'mwamba, akuona mlatho wamatabwa uja m'maso mwake. Anakwera makwerero awiriawiri. Pakhomo anakumana ndi mzamba akusamba m'manja, akuseka.

“Wachira, wachira. Wamkazi, wamakani ngati agogo ake.”

Narith anakhala pansi pomwepo n'kulira, ndipo sanachite manyazi.

M'chipindamo munali kale motentha ngati mu uvuni. Malis anali atamugoneka pa bedi la nsungwi, mbaula ya makala ili kunsi kwake, mutu wokulungidwa mpango, thonje m'makutu, masokosi kumapazi. Mazenera onse otseka. Umo ndimo amakhalira mayi m'chikuta kwathu: agone pamoto masiku asanu kapena asanu ndi awiri kuti mitsempha yake yosapsa ipse, magazi oipa atuluke, mphepo isamupeze. Wothawa moto amadzalira ndi mafupa ku ukalamba, amatero akuluakulu. Khanda linagona pamkeka pambali pa bedi, nkhope ngati kankhonya.

“Amalume, bwerani mudzaone pasinjala wanu,” anatero Malis ndi mawu otopa. “Watopa n'kudikira galimoto, wangobwera wapansi.”

Kuseka kunatha tsiku lachitatu. Malis anayamba kunjenjemera ali pamoto pomwepo, thupi lili juu, phala la mpunga osalifuna. Nsalu zimene Mayi Yem ankatsika nazo kukachapa zinali ndi fungo limene Narith sanalikonde. Anawapeza amayi ake pamtsuko wamadzi.

“Amayi, achemwali akufunika kuchipatala.”

“Ndi moto ukugwira ntchito. Ine ndagona pamakala kasanu, si ndili pano?”

“Si moto uwu. Mwamva nokha fungoli.”

Mayi Yem anapitiriza kufinya nsalu. Anali mayi wamfupi, wometa tsitsi chimwalirire mwamuna wake, wosazolowera kuuzidwa zochita ndi mwana amene anamusambitsa okha.

“Ndiye ukufuna ndimukweze pa kangolo kaja? Mayi wa masiku atatu, pamphepo, pamvula iyi? Ndamutaya mmodzi pamsewu umenewo, sinditayanso awiri.” Anayang'ana malona aja. “Chidzimbiri chakocho chikalira, magalasi n'kutsekeka, tipita. Apo ayi, pano sachoka.”

Narith anali atamanga kale injini yonse, kunatsala kuyatsa. Loweruka m'mawa anakabwereka batire kwa aneba, lomwe amaonerera kanema, nalinyamula paphewa mvula ikumukhuthukira. Anadontheza petulo m'kabuleta ndi chitsekerero cha botolo. Anapotoza kiyi. Injini inazungulira mwaulesi, n'kutsokomola, zii. Anayesanso. Inaphulika ngati mfuti, nkhuku n'kubalalika, khanda kumwamba n'kuyamba kulira. Anatukwana, ndipo ulendo uno panalibe womudzudzula. Anayang'ana mawaya a mapulagi limodzi limodzi, chala chikutsata, mpaka anapeza kuti awiri anawasemphanitsa. Anawabweza m'malo mwake, napukuta manja pa kabudula, napemphera kwa aliyense amene akanamva. Batire linali litayamba kufooka.

Inalira.

Abale inu, phokoso lake! Popanda paipi, injini imabangula ngati chigayo. Mizati inanjenjemera, fumbi la zaka zambiri n'kugwa kuchokera m'nsungwi. Narith anachepetsa moto mpaka kubangula kuja kunasanduka kuguguda kofatsa, kosadumpha, ndipo anaimirira pamenepo manja ali pakamwa. Miyezi yonse ija ya zala zong'ambika, ya kusekedwa pachitsime, inathera m'kuguguda kumeneko. Sanasangalalepo chotero chibadwire.

Mayi Yem anasuzumira pa lona, maso ali tong'o.

“Ndiye tizipita?”

“Ayi, amayi. Iyenera kulira kaye ili pomwepa. Aphunzitsi anati maola awiri. Ine ndiipatsa limodzi, isatifere panjira.”

“Chabwino. Ine ndikaitane mzamba adzachotse moto. Mayi satsika pamakala chisawawa, mpaka apepese mizimu, amange ulusi pamkono.”

Mayi Yem anakwera kumwamba kukaona wodwala asananyamuke. Narith anaika pakamwa pafupi ndi nsungwi n'kufuula.

“Achemwali! Mwaimva?”

“Ndaimva, makaniko,” anayankha Malis, mawu akumveka patali. “Koma mutu ukundiwawa. Ukugunda ngati ng'oma.”

“Ndi moto umenewo, ukutulutsa zoipa,” anamva amayi ake akutero. “Funda. Usatsegule zenera ine ndikachoka, wamva?”

“Nanga pasinjala wanga?” anafunsa Narith.

“Wasiya kulira. Injini yakoyo yamugoneka bwino.”

Anamva amayi ake akukanikiza mazenera, n'kutseka chitseko, n'kufunyira nsanza kunsi kwake. Kenaka anatsika ndi ambulera, ulendo wa kwa mzamba kutsidya kwa minda.

Narith naye anali ndi ntchito panja. Kuchokera panyumba kukafika pamsewu pali kanjira ka mamita ngati zana, ndipo pakati pake madzi anali atakumba ngalande yoti galimoto siyikanadutsa. Anayang'ana geji ya kutentha, anaona ili bwino. Anatenga khasu ndi matabwa awiri, natuluka, nabwezera lona m'malo mwake mosamala kuti mvula isalowe, mpaka kutsamiritsa mwala.

Anthu amati tsoka silinunkha. Ili linanunkha ndithu, koma m'nyumba ya chikuta ndani amadabwa ndi utsi? Ndipo musaganize kuti Narith sankadziwa. Zinali m'buku lake la chaka choyamba, anaziloweza, anakhoza nazo mayeso: injini saliza m'chipinda chotseka. Koma kunsi kwa nyumba n'chipinda? Chibadwire iye, kumeneko kunali panja. Malona anapachika yekha, limodzi limodzi, ndipo sanaone tsiku limene panja paja panasanduka m'kati.

Anathira dothi, anaponda, anayala nthambi, anaika matabwa. Kumbuyo kwake injini inkaguguda mosaphonya, ndipo nthawi ndi nthawi ankaima n'kumvetsera, n'kumwetulira yekha. Atamaliza anawongola msana, natembenuka.

Utsi wobiriwira unkatuluka m'mphepete mwa denga, mbali zonse, wofatsa, ukutsetsereka ndi malata. Utsi wa makala sutero. Makala akayaka bwino alibe utsi.

Khasu analiponya kuti, sakumbuka. Atang'amba lona, mpweya wake unamumenya kumaso mpaka anadzandira. Nkhuku imene inkafungatira m'dengu pa mzati inali itagwa pansi, miyendo m'mwamba. Ndipo anaona ndi maso ake utsi ukukwera kuchokera pa kachidutswa ka paipi kaja, n'kulowa m'mipata ya nsungwi mizere mizere, mwadongosolo. Anazimitsa injini. Anakwera makwerero, anamenya chitseko ndi phewa, anakankha mazenera mpaka lina linathyoka.

“Achemwali! Achemwali!”

Malis anali atasanza pampango, dzanja likulendewera kumbali ya mwana ngati ankafuna kumufikira. Anamugwedeza, mutu unangogwera kumbali. Koma ankapuma, pang'onopang'ono, mokoka. Khanda linali lofunda, masaya ofiira bwino, lokongola kuposa dzulo. Narith analinyamula, analiwuzira kumaso, analitsina kuphazi. Silinachite kanthu.

Mayi Yem anafika ndi mzamba nthawi imeneyo. Anaima pakhomo, nanunkhiza kamodzi, nayang'ana pansi pa nsungwi, nayang'ana mwana wawo wamwamuna. Analanda khanda, nalikulunga pachifuwa pawo. Zopepesa mizimu panalibe amene anazikumbuka. Narith anabereka mlongo wake kutsika naye makwerero, mzamba akugwirizira miyendo, namugoneka kumpando wakumbuyo. Anagwetsa malona onse. Kenaka anayenera kukhala pachiwongolero n'kugwiranso kiyi uja, ndi dzanja lomwelo.

Inalira atangopotoza kamodzi kokha.

Ndinene zoona, galimotoyo inayenda bwino. Inadutsa pamatabwa aja, inakwera pamsewu, inasambira m'matope mmene kangolo kanatitimira chaka chatha, inawoloka mlatho wamatabwa osatsokomola. Geji ya kutentha sinasunthe. Magalasi onse anali otsegula, mvula ikulowa, ndipo Mayi Yem, amene ankaopa mphepo kuposa njoka, ndiwo anatulutsa mutu wa Malis pawindo kuti imuwombe. Ulendo wa maola anayi unatenga ola limodzi ndi mphindi khumi. Njira yonse khanda silinalire.

Kuchipatala anathamanga naye Malis, namuveka chopumira kumaso. Khanda dokotala anangoliika chomvera pachifuwa, nadikira, nalifunditsa nsalu mpaka kumutu. Namwino wina wachikulire anali ataona kale mizere ya nsungwi yopsa pamsana pa Malis, thonje m'makutu, mwaye pampango. Anatembenukira kwa Mayi Yem pakhonde, pamaso pa odwala onse ndi owadikirira.

“Mpaka liti, amayi inu? Mpaka liti? Timalalikira tsiku ndi tsiku kuti makala m'chipinda chotseka amapha. Munatseka mazenera eti?”

“Ndinatseka.”

“Ndi chitseko chomwe?”

“Ndi chitseko chomwe.”

“Ndiye taonani. Mwana wanu mwamuwamba ngati nsomba, mdzukulu mwamupha ndi manja anu. Mtima wakhala pansi tsopano?”

Narith anatsegula pakamwa. “Anamwino, si makala, ndi—”

Dzanja la amayi ake linamugwira pamkono, zikhadabo n'kulowa m'khungu. Anamukoka ngati kamwana kakuba, kutsika naye masitepe, mpaka kuseri kwa chipatala kumene anaimika galimoto. Mvula inali itakata. Injini inkathetheka pozizira, ndipo anyamata awiri a njinga zamoto ankaizungulira, akuisirira. Ataona nkhope za eni ake anachoka.

“Amayi, ndine,” anatero Narith. Mawu ankatuluka modukaduka. “Paipi ija sindinaike. Malona ndinatseka. Utsi wonse unkakwera kumwamba, ndauona ndi maso anga. Ndamupha ndine.”

“Ukuganiza kuti sindikudziwa?” Mayi Yem sanakweze mawu. “Ndayatsira makala azimayi osawerengeka m'mudzi muja. Fungo la makala ndimalidziwa. Limene ndalipeza m'chipinda muja silinali la makala.”

“Ndiye mwavomereranji? Akunyozani pagulu!”

“Mbaula inalimo. Mazenera ndinatseka ndine, nsanza pachitseko ndinaika ndine. Anandiuza kuti mutu ukuwawa, ine ndinati funda. Si bodza lonse limenelo.”

“Ndikawauza achemwali.”

Mbama inamupeza asanamalize. Chikulire sanamenyedwepo ndi amayi ake, ndipo sinawawe, inangomudzidzimutsa. Mayi Yem anamugwira malaya pachifuwa, namukokera pansi kuti maso awo alingane. Tsopano misozi inkayenderera, koma mawu anali owuma.

“Tamvera, chitsiru iwe. Malis akadzuka afuna womuda. Mayi woferedwa kawiri sangakhale popanda womuda, angapenge. Adane ndi ine. Ine ndatsala ndi zaka zingati? Tsiku limene mudzawotche mtembo wanga kukachisi, chidanicho chidzapsa nane limodzi. Koma inu mwatsala awiriwiri. Mwamuna wake uja ndi wa panyanja, lero alipo mawa kulibe. Akadwala adzaitana ndani? Akadzakhalanso ndi pakati adzakwera galimoto ya ndani? Ukamuuza, wamulanda mwana, wamulandanso mlongo.”

“Sindingathe kukhala nazo, amayi.”

“Ukhala nazo. Ukufuna kuulula kuti iweyo upepukidwe, katundu umusenzetse iye. Ayi. Senza wekha. Mzamba ndikalankhula naye ine.”

Anamusiya, napukuta kumaso ndi mpango, nabwerera m'kati ali chiwongokere. Narith anatsala atatsamira chitseko cha galimoto. Anasanza pafupi ndi tayala, kawiri, mpaka m'mimba munalibe kanthu. Ankalakalaka wina atabwera kudzamumanga, kumumenya, kumutukwana pagulu ngati mmene anachitira namwino uja. Palibe anabwera. Bambo wina wodutsa anangomufunsa ngati galimotoyo ndi yogulitsa.

Dzuwa litapendeka anawaitana kuti wodwala watsitsimuka. Malis anali atagona chagada, botolo la mankhwala likudontha pamkono, milomo yosweka. Anali atauzidwa kale, zonse, monga mmene namwino ankazidziwira. Sankalira. Maso anali owuma, akuyang'ana kudenga.

Mayi Yem anayandikira, natambasula dzanja kuti amukonze tsitsi limene linamatirira pachipumi. Malis anatembenuzira nkhope kukhoma. Dzanja lija linakhala m'malere kanthawi, kenaka linabwerera. Mayi Yem anakakhala pansi kumapazi kwa bedi, pasimenti, miyendo atapinda kumbali.

“Narith,” anaitana Malis, nkhope ikadali kukhoma. “Bwera kuno.”

Anazungulira bedi, nagwada kuti amuone. Malis anafufuza dzanja lake, lakuda ndi oyilo, lodzaza zipsera, naligwira ndi manja onse awiri.

“Adokotala akuti mukanachedwa theka la ola, nanenso ndikanapita. Akuti ndi matenda a m'mimba aja omwe, sindikanafika Lolemba.” Anapuma movutika. “Anthu ankakuseka. Inenso ndinkakuseka. Unati idzalira, yalira. Pakhomo ponse paja, amene anaganiza za moyo wanga ndiwe wekha.”

Narith anayang'ana kumapazi kwa bedi. Amayi ake anali akumuyang'ana, osaphethira.

“Musatero, achemwali,” anatero.

“Ndikutero. Ndipo ndikupemphe chinthu chimodzi. Akuti mwana apite kumudzi mawa. Ndawauza kuti nanenso ndipita, ndikabwerera kuno akakaikidwa, akane asakane. Usalole kuti amunyamule panjinga yamoto. Akwere galimoto ya amalume ake, kutsogolo, ndimunyamule ine. Pobwera kuno sindinamuone akukwera.”

Zala za mlongo wake zinali zotentha, zikumufinya, zikudikira yankho.

“Chabwino, achemwali.”

“Uyendetse pang'onopang'ono.”

“Ndiyendetsa pang'onopang'ono.”

Malis anatseka maso, koma dzanja sanalisiye mpaka tulo titamutenga. Narith anasolola zala zake chimodzi chimodzi, nadutsa pafupi ndi amayi ake osawakhudza, natuluka kukaona ngati petulo wotsala akwanira ulendo wa mawa.